Nyimbo zomwezo m'mabokosi ambiri: remaster, remix ndi mkangano wa zimbale za The Beatles

Gulu la The Beatles lidatha mu 1970. Awiri mwa anyamata anayi a ku Liverpool aja adatsikira kuli chete kalekale: John Lennon adaphedwa ku New York mu Disembala 1980, ndipo George Harrison adamwalira ndi khansa mu Novembala 2001. Komabe sipapita nthawi yaitali osamva kuti kwatuluka bokosi lina la nyimbo zawo, ndipo mu Febuluwale 2025 gululi lidalandira mphoto ya Grammy chifukwa cha nyimbo ya Now and Then imene idatuluka mu Novembala 2023.

Munthu amene wangoyamba kuzikonda nyimbozi, akati agule chimbale chimodzi chokha, tinene Revolver cha mu 1966, amachipeza chili m'mitundumitundu. Pali cha mono, pali cha stereo, pali cha 1987, cha 2009 ndi cha 2022. China chili pa CD, china pa mbale yakuda ya galamafoni, china chili m'chibokosi chodzaza ndi mabuku ndi zithunzi, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kutalitali. Pachikuto alembapo mawu monga remaster, remix kapena super deluxe ngati kuti aliyense amawadziwa. Ndiye funso limabwera: kodi zonsezi si nyimbo zomwezo?

Nyimbo ndi zomwezo, koma zimene zimafika m'khutu n'zosiyana, ndipo kusiyanako kuli ndi mbiri yake. Ndasankha The Beatles chifukwa pafupifupi mkangano uliwonse wa otolera zimbale umapezeka pa gulu limeneli. Zomwezi mudzazipeza pa Pink Floyd, Led Zeppelin kapena The Rolling Stones.

Zonse zimayambira pa tepi

The Beatles adajambula nyimbo zawo zambiri mu situdiyo ya kampani ya EMI pa msewu wa Abbey Road ku London, ndipo woyang'anira kajambulidwe anali George Martin. Mu situdiyomo munalibe kompyuta. Mawu ankalowa pa tepi yaikulu yokulungidwa pa mawilo awiri, ndipo tepiyo inali ndi tinjira tingapo momwe mawu osiyana ankatha kugona popanda kusakanikirana. Chimbale choyamba, Please Please Me, chimene nyimbo zake khumi zidajambulidwa tsiku limodzi pa 11 Febuluwale 1963, chidalowa pa makina a tinjira tiwiri: zoimbira kanjira kena, mawu a oimba kanjira kena. Chakumapeto kwa chaka chomwecho adayamba kugwiritsa ntchito makina a tinjira tinayi, ndipo a tinjira 8 adawafikira mu 1968.

Tinjira tinayi n'tochepa kwambiri pa nyimbo za mu Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, chimbale cha 1967 chodzaza ndi malipenga, ma violin ndi mawu osanjikizana. Mainjiniya adapeza njira yake. Tinjira tikadzaza, ankaphatikiza zonse n'kuzisamutsira pa kanjira kamodzi kapena tiwiri ta tepi ina, malo ojambulirapo zina n'kupezeka. Zida zimene zaphatikizidwa motero sizinkathekanso kuzilekanitsa pa tepi yatsopanoyo. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaipezanso kutsogoloku.

Kujambula kukatha pamabwera ntchito imene a m'situdiyo amaitcha mix. Apa injiniya amasankha kuti mawu a woimba akwere bwanji, ng'oma zimveke pati, gitala ikhale kutsogolo kapena kumbuyo. Zotsatira zake zimajambulidwa pa tepi ina imene imatchedwa master. Pomaliza pali mastering, kukonza master ija kuti iyenere chinthu chimene anthu adzagule. Pa mbale yakuda, mwachitsanzo, besi ikachuluka singano imadumpha mzera, choncho m'zaka za m'ma 1960 ankaichepetsa dala.

Fanizo limodzi lingatithandize. Tepi ya tinjira tambiri ili ngati nyemba, tomato, anyezi, mafuta ndi mchere zili pazokhapazokha patebulo. Mix ndiye kuphika. Master ndi mphika wa ndiwo zopsa kale, ndipo mastering ndi kupakula.

Mono ndi stereo: zimbale ziwiri pa dzina limodzi

Mono ndi mawu oyenda njira imodzi. Ngakhale mutalumikiza masipika asanu, onse amatulutsa zofanana. Stereo ili ndi njira ziwiri, kumanzere ndi kumanja, moti chida china chingamveke mbali iyi, china mbali inayo. Lero stereo tidaizolowera, koma ku Britain m'zaka za m'ma 1960 achinyamata ambiri ankamvera nyimbo pa wailesi kapena pa kagalamafoni ka sipika imodzi. Stereo inali ya anthu opeza bwino okhala ndi zipangizo zodula.

N'chifukwa chake mtima wa The Beatles unali pa mono. Eni akewo ankakhalapo popanga mix ya mono, pamene ya stereo nthawi zambiri ankaisiyira George Martin ndi mainjiniya kuti aipange pambuyo pake. Geoff Emerick, injiniya wa Sgt. Pepper, adafotokozapo kuti mono ya chimbalecho idadya masabata, koma stereo idatheka m'masiku ochepa.

Popeza mix iliyonse inkapangidwa payokha ndi manja, ziwirizi sizidafanane. Nyimbo ya She's Leaving Home imathamangirapo ndipo mawu ake ndi okwererapo pa mono kusiyana ndi pa stereo. Helter Skelter ya pa stereo ndi yotalikirapo ndi pafupifupi mphindi imodzi ndipo imathera pa mfuu wa Ringo Starr, woimba ng'oma wa gululi, wodandaula matuza m'zala. Pa mono mfuuwo mulibe. Pa zimbale zoyambirira, stereo idaika oimba mbali imodzi ndi zoimbira mbali ina. Pa masipika otalikirana m'chipinda zimamveka bwinoko, koma pa mahedifoni munthu amamva ngati khutu lina latseka.

Chimbale choyera cha 1968, chimene ambiri amachitcha White Album, ndicho chomaliza kukhala ndi mix yakeyake ya mono. Abbey Road cha 1969 ndi Let It Be cha 1970 zidapangidwira stereo yokha.

Okonda mono amati umu ndimo muli zimene oimbawo adavomereza ndi makutu awo. Okonda stereo amati anthu mamiliyoni adakula akumva stereo, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pamene mbale za mono zidasowa m'masitolo, ndipo kwa iwo chimbale chenicheni ndi chimenecho. Onse awiri akunena zoona zimene zidachitikadi.

Remaster: kupakulanso mu mphika womwewo

Remaster ndi kubwerera ku tepi ya master ija n'kuikonzanso kuti iyenere zipangizo za nthawi ino. Mix siisintha. Ndiwo mungazitenthetse, mungawazemo kamchere, mungaziike m'mbale yoyera, koma anyezi amene adalowa kale simungamuchepetse. Injiniya wa remaster amatha kukweza kapena kutsitsa besi ya nyimbo yonse, kuwalitsa mawu akuthwa, kuchotsa kuthetheka kwa magetsi kapena kukonza pamene tepi idalumikizidwa molakwika. Sangathe kukweza gitala yokha n'kusiya ng'oma.

Kwa The Beatles zimenezi zidachitika kawiri mokulira. CD idatuluka mu 1982 kuchokera ku makampani a Sony ndi Philips, koma zimbale za gululi zidafika pa CD mu 1987. Zinayi zoyambirira zidatuluka mu mono, zotsalazo mu stereo. Apa padasankhidwanso chinthu chachikulu. Ku America kampani ya Capitol inkatulutsa zimbale zakezake, za nyimbo zocheperapo, mayina ena monga Meet the Beatles!, ndipo nthawi zina inkawonjezera mkokomo pa mawu. Mu 1987 adagamula kuti dziko lonse litsate zimbale za ku Britain, kuwonjezapo Magical Mystery Tour monga idatulukira ku America, ndipo nyimbo zimene sizidali pa chimbale chilichonse adazisonkhanitsa mu Past Masters mu 1988.

Ma CD amenewa adakhala pamsika zaka 22. Pa 9 Seputembala 2009 padatuluka remaster yatsopano, ntchito ya zaka zinayi ya mainjiniya a ku Abbey Road motsogozedwa ndi Allan Rouse. Adasewera matepi oyambirira, n'kuwalowetsa mu kompyuta pa mlingo wa 24-bit ndi 192 kHz, wapamwamba kuposa wa CD umene ndi 16-bit ndi 44.1 kHz. Tsiku lomwelo adatulutsa mabokosi awiri: lakuda la stereo lokhala ndi ma CD 16 ndi DVD imodzi, ndi loyera la mono lokhala ndi ma CD 13. Loyeralo adalipanga lochepa poganiza kuti ndi la anthu owerengeka, koma lidatha msanga ndipo adachita kupanga ena.

Pali kanthu kamodzi kamene kamasokoneza ngakhale otolera akale. Mu 1987 George Martin sadakhutire ndi stereo yakale ya Help! ndi Rubber Soul, choncho adapanga mix yatsopano ya zimbale ziwirizi. Bokosi la stereo la 2009 lili ndi mix ya 1987 imeneyo. Amene akufuna stereo yeniyeni ya 1965 amaipeza m'bokosi la mono, momwe adaiika ngati yowonjezera.

Mkangano waukulu wa remaster uli pa kukwera kwa mawu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani adayamba kupikisana kuti CD yawo imveke mokweza kuposa ya anzawo. Amatero podula nsonga za phokoso, monga kugunda kwa ng'oma, kuti apeze mpata wokwezera nyimbo yonse. Nyimbo imamveka yamphamvu mphindi zoyamba, koma kusiyana kwa pofewa ndi pokweza kumachepa, ndipo ambiri amati khutu limatopa msanga. Chimbale cha Metallica cha 2008, Death Magnetic, chidatchuka ndi madandaulo otere. A ku Abbey Road adanena poyera kuti pa stereo ya 2009 adadulako nsonga pang'ono, pa mono sadakhudze, ndipo makina ochotsera kaphokoso ka tepi adawagwiritsa ntchito pa mphindi zosakwana zisanu mwa mphindi 525 za nyimbo zonse. Ena adayamikira kudziletsa kumeneku. Ena mpaka lero amasunga ma CD a 1987 ponena kuti, ngakhale ndi ozizirirapo, ali pafupi ndi mmene tepi ilili.

Remix: kuphikanso

Remix ndi ntchito ina ndithu. Injiniya amasiya master n'kubwerera ku matepi a tinjira tambiri, n'kupanga mix yatsopano kuchokera pachiyambi. Zimene zidaimbidwa ndi zomwezo, palibe amene akuimbanso, koma tsopano mawu a woimba angabwere pakati, ng'oma zingakwere, gitala imene idabisika ingatuluke poyera.

Kupatula zimbale ziwiri zija za 1987, zoyesa zidayamba ndi Yellow Submarine Songtrack mu 1999 ndi Love mu 2006, imene George Martin adaipanga ndi mwana wake Giles Martin. George Martin adamwalira mu Malichi 2016, ndipo chaka chotsatira Giles pamodzi ndi injiniya Sam Okell adatulutsa remix ya Sgt. Pepper pokumbukira zaka 50 za chimbalecho. Mwayi wawo unali woti EMI idasunga matepi a sitepe iliyonse, ngakhale aja amene adasamutsidwira pa tepi ina. Adawalunzanitsa onse mu kompyuta, tinjira tinayi tija n'kusanduka tambiri. Cholinga chimene adanena chinali kupanga stereo yotsata maganizo a mono, n'chifukwa chake She's Leaving Home ya 2017 imathamanga pa liwiro la mono. Kenako padabwera White Album mu 2018, Abbey Road mu 2019 ndi Let It Be mu 2021.

Pa Revolver adafika pa khoma. Pa nyimbo ngati Taxman, ng'oma, besi ndi gitala zidajambulidwa nthawi imodzi pa kanjira kamodzi, ndipo panalibe tepi ina yam'mbuyo momwe zidali pazokha. Njira idachokera ku New Zealand. Peter Jackson, wopanga mafilimu, pokonza filimu ya Get Back imene idaonetsedwa mu Novembala 2021, anali ndi vuto lakuti zolankhula za oimba zinkabisika ndi kulira kwa magitala. Akatswiri a kampani yake ya WingNut Films adaphunzitsa kompyuta kuzindikira liwu la munthu aliyense ndi kalilidwe ka chida chilichonse, n'kumazipatula. Pulogalamuyo adaitcha MAL pokumbukira Mal Evans, amene adatumikira gululi zaka zambiri. Kumeneku ndiye kuchotsa tomato mu ndiwo zopsa kale, chinthu chimene kale aliyense ankati n'chosatheka. Ndi njira imeneyi Revolver idatuluka ndi mix yatsopano mu 2022.

Njira yomweyi ndiyo idabala Now and Then. Lennon adajambula nyimboyi kunyumba kwake ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akuimba ndi piyano pa kaseti wamba. Mkazi wake, Yoko Ono, adapereka makaseti kwa atatu otsalawo mu 1994, ndipo m'menemo mudatuluka Free as a Bird mu 1995 ndi Real Love mu 1996. Now and Then adaisiya panjira chifukwa piyano inkaphimba mawu. MAL idapatula liwu la Lennon, oimba awiri otsalawo, Paul McCartney ndi Ringo Starr, adawonjezera mbali zawo, ndipo adaikamo gitala imene Harrison adajambula mu 1995. Anthu ambiri atamva kuti pagwira ntchito nzeru za makina adaganiza kuti kompyuta yapeka liwu la Lennon, ndipo McCartney adachita kufotokoza kuti liwulo ndi lenileni, langotsukidwa.

Okondwera ndi remix amati nyimbozi tsopano zimamveka bwino pa mahedifoni ndi pa foni, ndipo achinyamata angazimvere pambali pa nyimbo za lero popanda kuziona ngati zofooka. Otsutsa amati mix nayo ndi mbali ya luso, kuti kupanikizana kwa zida pa kanjira kamodzi ndiko kumapatsa Revolver ukali wake, ndipo kompyuta ikamapatula zida imachita kuyerekeza, siibweza ndendende zimene zidalowa. Ine ndimaona kuti chofunika kwambiri apa n'chakuti wogula auzidwe bwinobwino chimene akugula, chifukwa pamene pamalembedwa remaster ndi pamene pamalembedwa remix, ntchito yochitika ndi yosiyana kwambiri.

Mbale yakuda yabwereranso

Mu 2022 ku America mbale zakuda zidagulidwa zochuluka kuposa ma CD, koyamba chichokere 1987. Kubwerera kumeneku kwadzetsa funso lina: mbaleyo yadulidwa kuchokera ku chiyani? Bokosi la stereo la mbale zakuda la 2012 lidadulidwa kuchokera ku mafayilo a mu kompyuta a remaster ya 2009. Otolera ambiri adang'ung'udza kuti akugula CD yovala mbale. Mu 2014 padatuluka bokosi la mono limene Sean Magee ndi Steve Berkowitz adalidula molunjika kuchokera ku matepi, osadzera mu kompyuta, akutsata zolemba za mainjiniya akale. Bokosi limeneli lidalandiridwa ndi manja awiri, ndipo litatha m'masitolo mtengo wake kwa ogulitsa zakale udakwera kwambiri.

Koma kodi khutu limasiyanitsadi? Mu 2022 zidaululika kuti kampani ya ku America ya Mobile Fidelity, yodziwika ndi mbale zodula zimene ambiri ankakhulupirira kuti zimachokera ku tepi molunjika, idakhala ikudzeretsa nyimbo mu kompyuta kwa zaka zingapo. Ogula adaisumira, ndipo nkhaniyo idatha ndi chipukutamisozi cha ndalama pafupifupi 25 miliyoni za ku America. Ena adati izi zaonetsa kuti ngakhale akatswiri omvera sadathe kumva kusiyana. Ena adati nkhani siinali ya khutu, inali ya kunena zoona kwa wogula. Pali mbali inanso imene eni matepi amaikumbutsa: tepi ya zaka 60 imatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene yaseweredwa, choncho kuisamutsira mu kompyuta n'kuiteteza.

M'bokosi muli chiyani, ndipo amalitulutsiranji?

Box set, kutanthauza bokosi la zimbale, ili m'mitundu iwiri. Lina limasonkhanitsa zimbale zonse za gulu, monga mabokosi a 2009. Lina limatenga chimbale chimodzi n'kuchitambasula. Bokosi lalikulu la White Album la 2018, limene amalitcha super deluxe, lili ndi ma CD 6 ndi Blu-ray: mix yatsopano, nyimbo 27 zoyeserera zimene adajambula kunyumba kwa Harrison ku Esher mu Meyi 1968, ndi zojambula 50 za mu situdiyo, kuphatikizapo buku lalikulu. Kwa wokonda gululi, umu ndimo muli chuma chenicheni. Amamva nyimbo ikubadwa, woimba akulakwitsa, akuseka, akuyambiranso. Njira imeneyi idatsegulidwa ndi Anthology mu 1995 ndi 1996, patapita zaka zambiri anthu akugulitsana mobisa zojambula zotuluka m'nkhokwe popanda chilolezo.

Zifukwa za makampani ndi zingapo, ndipo sizibisika. Nyimbo za The Beatles zidafika pa iTunes, sitolo ya nyimbo ya pa intaneti, mu Novembala 2010 ndi pa Spotify ndi anzake pa 24 Disembala 2015. Munthu womvera pa intaneti amabweretsa ndalama yochepa, pamene bokosi limodzi limagulidwa ndalama zambiri ndi anthu amene adakula ndi nyimbozi ndipo tsopano ali ndi kangachepe. Palinso lamulo. Mu 2013 maiko a ku Ulaya adatalikitsa umwini wa nyimbo zojambulidwa kuchoka pa zaka 50 kufika pa 70, koma chojambula chimene sichidatulutsidwe m'zaka 50 zoyamba chimataya chitetezocho. N'chifukwa chake mu Disembala 2013 padatuluka mwakachetechete pa iTunes zojambula 59 za mu 1963, pansi pa dzina la The Beatles Bootleg Recordings 1963. Ena amaona zonsezi ngati kukama ng'ombe yomweyo mpaka kalekale. Ena amati popanda malonda amenewa palibe amene akadalipira mainjiniya kuti asamale matepi. Kuti matepi angathe kutayika si nthano: mu 2008 moto udapsereza nkhokwe ina ya matepi a kampani ya nyimbo ya Universal ku Los Angeles, ndipo kukula kwa zimene zidapsa kudali nkhani ya mkangano pamene nyuzipepala ya New York Times idaifukula mu 2019.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo cha ntchito ina imene bokosi lingagwire. Gulu la rock la ku Zambia la WITCH, limene lidatchuka m'zaka za m'ma 1970 motsogozedwa ndi Jagari Chanda, lidali litaiwalika kunja kwa dzikolo mpaka kampani ya ku America ya Now-Again Records idatulutsa bokosi la zimbale zake mu 2012. Pambuyo pake gululo lidadzukanso n'kuyamba kuimba m'maiko akunja. Zimenezi zimandichititsa kuganizira za matepi a oimba athu akale amene adajambulidwa ku MBC ndi m'masitudiyo ena, chifukwa remaster iliyonse imafuna kuti tepi ikhalepo kaye.

Amene amasaka zoyambirira

Pali otolera ena amene remaster iliyonse siiwakhudza. Iwo amafuna mbale imene idatuluka m'fakitale chaka chomwecho. Amayang'ana timanambala tolembedwa pa malo osalala pafupi ndi pakati pa mbale, timene timasonyeza kuti idadindidwa ndi chidindo chiti. Amayang'ana mtundu wa pepala la pakati: Please Please Me yoyambirira ili ndi pepala la kampani ya Parlophone lakuda ndi zilembo zagolide, ndipo ndi yosowa. Amasaka chikuto cha Yesterday and Today cha ku America cha 1966, pomwe oimbawo adavala ngati ogulitsa nyama. Capitol idachibweza anthu atanyansidwa nacho n'kumata chithunzi china pamwamba, moti lero pali zikuto zosamatidwa, zomatidwa ndi zomatulidwa, chilichonse ndi mtengo wake. White Album yoyambirira inali ndi nambala pa chikuto chilichonse, ndipo ya Ringo Starr, nambala 0000001, idagulidwa madola 790,000 pa okushoni mu Disembala 2015.

Pamene pali ndalama, achinyengo sasowa. Mabokosi a ma CD a 2009 adakoperedwa kwambiri, ndipo abodzawo amafanana ndi enieni pongowaona. Mtengo wotsika modabwitsa, zilembo zosaoneka bwino ndi zithunzi zofuwirira ndizo zizindikiro zimene otolera amachenjezana nazo. Wogula wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg amene akuitanitsa kunja awerengerenso kulemera kwa bokosi, msonkho wa pachipata, ndi kutentha, chifukwa mbale yakuda ikakhala padzuwa kapena m'galimoto yotseka imapindika.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi lakuti chimbale chenicheni ndi chiti. Kodi ndi mono imene oimba adaivomereza, stereo imene anthu ambiri adaimva, kapena remix imene McCartney, Starr ndi mabanja a Lennon ndi Harrison adaivomereza kudzera ku kampani yawo ya Apple Corps? Ndipo oimba awiri otsalawa akadzachoka, adzavomereza ndani, potsata muyeso uti?

Lachiwiri likukhudza omvera pa intaneti. M'sitolo munthu ankasankha yekha mbale. Pa foni, chimene pulogalamu yaika pamwamba ndicho ambiri amamvera, ndipo chimene chachotsedwa chimangosowa popanda chidziwitso. Kodi mix zakale zidzapitiriza kupezeka pambali pa zatsopano? Ngati ayi, ndani ali ndi udindo wozisunga poti aliyense angazifikire: kampani, nyumba zosungira mabuku ndi mbiri, kapena otolera okha?

Lachitatu ndi malire a makina opatula mawu. Mu 2023 nyimbo zambiri zoyambirira zidapatsidwa mix yatsopano pamene zimbale ziwiri zosonkhanitsa za 1973, chofiira ndi chabuluu, zidatulutsidwanso. Kodi zimbale zonse zoyambirira zichitidwenso chimodzimodzi? Kodi kutsuka liwu kumathera pati, ndipo kupeka kumayambira pati, makamaka makinawo akamadzaza okha timipata timene tepi idataya?

Palinso funso la lamulo. Ku Britain ndi ku Ulaya, zaka 70 za zojambula za mu 1963 zidzatha kumapeto kwa 2033, ndipo zaka zotsatira zimbale zinazo zidzatsatira chimodzichimodzi, ngakhale umwini wa amene adapeka nyimbozo udzakhalapobe. Kodi remix ya 2017 kapena 2022 idzawerengedwa ngati chojambula chatsopano chokhala ndi zaka zakezake za chitetezo? Nanga makampani ena akadzaloledwa kutulutsa zojambula zakalezo, koma matepi oyambirira ali m'manja mwa mwini mmodzi, adzazitenga kuchokera pa chiyani, ndipo wogula adzadziwa bwanji?